Msomali wachitatu kuchokera pakhomo

Ndili mwana, ayezi ankabwera kwathu pa njinga. Amalume akaweruka madzulo ankamanga chibenthu chake pakaliyala, atachikulunga m'chiguduli chothira utuchi, ndipo njira yonse kuchokera kuntchito kwawo mpaka pakhomo pa agogo pankatsala kamzere ka madontho pamchenga. Ife ana tinkawachingamira chothamanga. Akatsitsa ankatenga chikwanje n'kutibenthulira aliyense kachidutswa, ife n'kumakasinthasintha m'manja chifukwa kankaluma ngati khala la moto. Amene munakhalako ku Mangochi mu Okutobala mukudziwa chimene ndikunena. Dzuwa la kuno limaphika munthu ali pamthunzi, ikangokwana 10 koloko mchenga supondeka, ndiye mwana apatsidwe chinthu chozizira mpaka mano kuchita dzanzi. Switi yoposa imeneyo sindinaidyepo mpaka lero.

Fakitale imene ankagwirako ntchitoyo inatsekedwa ine ndili ku sekondale. Inali yopanga ayezi ndi kusunga nsomba, m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja yaikulu ndi Malombe. Dzina la eni ake ndi malo enieni sindizitchula. Mlonda wa pamenepo anandipempha, ndipo chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pafupi ndi mpanda wake pa njinga yamoto popita kukajambula maukwati ndi zinkhoswe, pakuti ntchito imene imandidyetsa ndi imeneyo. Ndinkangoona denga logwa mbali imodzi ndi kachere atakwera khoma. Maganizo olowamo anandifikira chaka chatha, tsiku limene ndinakumana ndi ngolo ya ng'ombe ikuchokera kumeneko itadzaza mapaipi adzimbiri. Ndinadziwa kuti ndikazengereza ndidzapeza maziko okha.

Malo ngati amenewa munthu sungangolowa. Ndinayamba ndakaonekera kwa amfumu, n'kufotokoza kuti ndine mdzukulu wa uje, mphwa wa uje amene ankagwira ntchito ya ayezi, ndipo iwo anandipatsa kamnyamata kondiperekeza kwa mlonda. Ndinawapeza atakhala pa tayala lakutha akusoka mkeka wa mlaza. Ndinawalonjera m'Chiyao kuti "Ajimwiche uli?", nkhope yawo n'kumasuka. Anayang'ana kamera, kenako anayang'ana nsapato zanga.

"Mwanangu, padenga usakwere. Malatawo ndi a asibesito, amafumbutuka ngati chigumu, ndipo fumbi lake n'loipa m'chifuwa. M'kachipinda ka magetsi muli njuchi. Kuseri kuli chitedze. Kudoko usafike wekha, ng'ona imaothera dzuwa pamenepo."

Ndinabwerera m'mawa mwake kusanache, azana ya m'bandakucha itangotha kumveka kutsidya kwa mtsinje. Kuwala kwabwino kuno sikukhalitsa. Dzuwa likangokwera pang'ono, thambo la chilimwe limati mbee ndi utsi wa tchire, ndipo chilichonse chimene ungajambule chimatuluka chouma, chopanda mthunzi. Nthawi yanga inali kuyambira cha m'ma 5 mpaka 7 koloko basi.

Nditalowa ndinaima kaye osatulutsa kamera m'chikwama. Poyamba ndinkaona ngati muli zii, koma khutu litazolowera ndinayamba kumva anamzeze m'zisa zawo zadothi kudenga, injini ya boti patali, ndi nkhwazi ikulira kumabango. Dzuwa litatuluka linalowera m'mabowo a malata n'kuimika mizati yoyera pakati pa chipinda chachikulu, fumbi likusambira m'menemo. Mizu ya kachere uja inali itatsika khoma la mkati ngati zingwe za khoka, ina italowa pakati pa njerwa n'kuzikankha. Chakumanja kunali chimakina chokhala ndi gudumu lachitsulo lofika pachifuwa panga, penti yake yobiriwira itatsala m'makona mokha. Pakati panali chidzenje chachitali cha simenti chovundikira ndi matabwa. Za matabwawo mlonda sananene. Ndinaponda limodzi, phazi linalowa mpaka m'bondo, ndipo chipsera ndili nacho. Pangodya panali mulu wa zitini zazitali zopapatiza, pansi pake patadyeka ndi dzimbiri ngati tsamba la chisoso lodyedwa ndi mbozi.

Kumapeto kunali zipinda ziwiri za zitseko zochindikala kuposa utali wa chikhatho changa. Mkati munali bii, fungo la mileme lokhalokha. Nditawalitsa tochi ndinaona kuti pamene pulasitala inagwa pakuoneka makungwa ofewa a mtengo wakunja otchedwa cork, amene kale ankamatira m'makoma a zipinda zoziziritsira kuti kutentha kusalowe. Anali atada ngati buledi wopserera.

Anzanga ojambula mudzafunsa kuti mumdima wotero ndinatani. Kamera yanga ndi Canon yakale imene ndinagula yogwirapo kale ku Limbe, ndi lenzi wamba yobwera nayo ija. Fulashi sindinayatse, chifukwa imapha mthunzi wonse n'kusandutsa khoma lakale kukhala ngati la bafa. Kamerayo ndinaikhazika pa choimikira cha miyendo itatu, ISO (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 100, kabowo ka lenzi pa f/8, n'kusiya shata ili yotsegula masekondi 20, nthawi zina 30. M'masekondi amenewo ndinkayendetsa kuwala kwa tochi pakhoma pang'onopang'ono ngati ndikupaka laimu, osaima pamalo amodzi. Zambiri zinalakwika, zina kuwala kunachuluka mbali imodzi, zina mleme unadutsa n'kusiya mkwasa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lenzi sindinasinthe mkatimo chifukwa cha fumbi, ndipo ndinadziikira lamulo loti ndisasunthe kanthu kalikonse pofuna kuti chithunzi chikongole. Chitini chikhale pamene ndachipeza.

Ndinatuluka ndi zithunzi zimene ndinakondwera nazo kwambiri. Nditaika zina pa Facebook anthu anayamikira, ena ankati zikuoneka ngati zakunja, ena ankafunsa ngati sindinakumane ndi mizukwa. Ndinatsukitsa khumi zazikulu bwino n'kupita nazo kwa amalume, amene tsopano amakhala kwa Chimwala. Masiku ano amasoka maukonde a anthu pakhonde, maso akuyamba kuchita nkhungu. Ndinawapatsa moni, tinafunsana za kumudzi, kenako ndinawapatsira envelopu ndi manja awiri. Anayang'ana chimodzichimodzi, akuchiyandikizitsa kumaso, osalankhula. Atamaliza anazisanja pamkeka.

"Wajambula bwino, mphwanga. Dzanja uli nalo. Koma wajambula ngati mlendo."

Ndinafunsa kuti ngati mlendo bwanji, ine mchombo wanga unagwera konkuno.

Anatola chithunzi cha chimakina chija, chimene ndinkachinyadira kuposa zonse. "Apa unaima pati?" Ndinawauza. "Pamenepo munthu saima. Pamenepo pankadutsa lamba wa kompuresa. Ikanakhala nthawi yathu bwenzi titakutola zidutswa." Anatola china. "Ichi ukuti dzenje si dzenje, ndi thanki. Chipinda chamdima ichi, chimene anzakowo akuti muli mizukwa, ndi mmene tinkalimbirana kutumidwa dzuwa likalusa." Anabwerezanso kuyang'ana zonse khumi, ngati munthu wofuna m'bale wake pa chithunzi cha gulu. "Nanga msomali wanga uli kuti?"

Mawuwo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinali nditaona zithunzi zambiri pa intaneti za mafakitale osiyidwa a ku Detroit ku America, ndipo maso anga anali ataphunzira kufuna zomwezo: dzimbiri, mdima, mawindo osweka, malo opanda munthu. Ndinalowa m'nyumba imene inalera mbumba yathu, imene inandilipirira fizi ya fomu 1, n'kumafunamo kukongola kwa bwinja lililonse. Zithunzi zanga zikanatha kukhala za dziko lina lililonse.

Patapita sabata ziwiri ndinawatenga pa njinga yamoto. Anavala mkanjo woyera ndi kofiya ngati tsiku Lachisanu. Pageti anapatsana moni wautali ndi mlonda, zinapezeka kuti ankadziwana kuyambira kale. Titafika pakhomo la chipinda chachikulu amalume anaima n'kunena mokweza kuti, "Odi!" Anadikira pang'ono, kenako analowa.

Kuyambira pamenepo ine ndinali mwana wa sukulu. Anandiimika pamphepete pa thanki n'kundifotokozera momwe ayezi amapangidwira, zinthu zimene ndinali ndisanaziganizepo ngakhale ndinakula ndikumunyambita. Madzi wamba amaundana pa ziro, koma madzi othira mchere wambiri amatha kuzizira kufika madigiri 10 pansi pa ziro akadali madzi. Chinsinsi chonse chagona pamenepo. Thankiyo inkadzaza madzi a mchere, ndipo mkati mwake munkadutsa mapaipi a amoniya. Kompuresa inkapanikiza mpweya wa amoniya mpaka kutentha, mpweyawo n'kupita m'mapaipi a panja amene ankathiridwa madzi opopa mu Shire, n'kusanduka wamadzimadzi. Kenako unkatulukira pa kabowo kakang'ono kulowa m'mapaipi a m'thanki, m'mene unkawira n'kuyamwa kutentha konse kwa madzi a mchere aja. Amoniya amawira pa madigiri 33 pansi pa ziro, ndiye kwa iye ngakhale madzi ozizira ali ngati moto. Firiji ya m'nyumba imayenda chimodzimodzi, kungoti ndi yaing'ono ndipo mpweya wake ndi wina.

Zitini zazitali zija ankazidzaza madzi abwino n'kuzitsitsira m'thanki m'mizeremizere, n'kuvundikira ndi matabwa amene ndinathyola aja. Zinkakhala m'menemo usana ndi usiku. Nthawi ikakwana ankakoka mzere wonse ndi tcheni choyenda pa njanji ya kudenga, njanjiyo ilipobe, n'kuuviika kanthawi m'madzi wamba kuti ayezi alekane ndi chitini. Akapendeketsa, mabuloko a makilo 25 ankatuluka ali ng'aning'ani n'kutsetsereka pathabwa, munthu n'kuwakola ndi ngowe. Amalume sukulu anailekeza sitandade 6, koma akuti ankadziwa ndi khutu lokha kuti kompuresa yayamba kudwala, ali panja akudya chinangwa.

Pofotokoza zimenezi thupi lawo linakumbuka lokha. Anatambalala miyendo pamphepete pa thanki, anawerama, manja onse awiri akukoka tcheni chimene palibe, kenako anapotoloza chiuno n'kuponya ngowe ya m'maganizo pa buloko la m'maganizo. Mkulu wa zaka zopitirira 70, m'mkanjo woyera, mzati wa dzuwa uli paphewa. Panalibe nthawi ya miyendo itatu. Ndinakweza ISO mpaka 1600, shata pa 1/125, n'kujambula chogwirizira m'manja. Chithunzicho chili ndi mchengamchenga ndipo dzanja limodzi lachita chizirezire. Pa zithunzi zonse zimene ndajambula moyo wanga, chimenecho ndi chimene ndingayambe kupulumutsa nyumba itapsa.

Sizinali zokoma zokhazokha, ndipo iwo sanabise. Anandionetsa paipi imene inaphulika usiku wina. Amoniya akatuluka amalowa m'maso ndi pakhosi ngati tsabola wa kambuzi wothira pamoto, koma kuposa pamenepo kutali. Anapulumuka poviika malaya m'madzi n'kuphimba kumaso, chifukwa amoniya amasungunuka m'madzi, n'kukwawa mpaka pakhomo. Mnzawo wina anachedwa kutuluka, ndipo maso ake sanabwererenso mwakale. Anandionetsanso zala zawo, zimene mpaka lero zimawawa mwera ukayamba mu Juni. Magolovesi ankabwera mwa apo ndi apo. Jombo zikabooka, madzi a mchere ankadya zala za kumapazi. Ndipo patsiku lotseka anthu anangopeza loko pageti, ndalama zimene analonjezedwa ena anamwalira akuzidikira. Anazinena zimenezi mawu osakwera, akupukuta fumbi pa gudumu ndi chikhatho.

Kenako anandionetsa zinthu zimene ndinazidutsa tsiku loyamba osaziona. Pakhoma la kufupi ndi pamene pankaima malole pali timizere tokanda ndi msomali, tinayi toimirira, kachisanu kopingasa, timagulu mazanamazana mpaka pamene dzanja la munthu lingafike. Kalaliki anali ndi buku lake, koma onyamula mabokosi ankawerenganso paokha pakhoma kuti pamapeto a mwezi pasakhale mkangano. Ukawalitsa tochi molunjika timizereto sitioneka. Ndinaika tochi chammbali, pafupifupi kukhudza khoma, kuti kamzere kalikonse kakhale ndi mthunzi wake, ndipo tinatuluka tonse ngati mphini. Kuseri kwa chipinda choziziritsira kuli kangodya kosalala bwino, pakhoma pali kamuvi ka penti yofiira koloza chakumpoto, kopendekera pang'ono kum'mawa. Pamenepo ndi pamene Asilamu ankaswalira mosinthana, awiriawiri, makina ali mkati moyenda. Akhristu akuti ankawagwirira ntchito nthawiyo, iwonso n'kudzabweza Lamulungu.

Ndipo kuseri kwa chitseko cha kachipinda kosinthira zovala kuli thabwa lokhoma misomali ikuluikulu mumzere. Woyamba unali wa kapitawo. Wachiwiri unali wa mnzawo wa maso uja. Wachitatu ndi wawo. Pamenepo ankapachika ovolosi ndi kathumba ka kamba m'mawa uliwonse, zaka zonse zimene anagwira ntchito. Msomaliwo wapindikira pansi pang'ono, ndipo pathabwa pali kachizindikiro kozungulira pamene chogwirira cha thumba chinkakhula. Anavula kofiya, anaipachika pamenepo kamphindi, kenako anaivalanso. Sindinajambule ali choncho, manja anga sanalole. Ndinajambula msomali wokha iwo atatuluka.

Tinakakhala kudoko limodzi ndi mlonda, titayamba taponya miyala m'mabango. Pakhoma la simenti pali mzere wa matope wosonyeza pamene madzi anafika mu 2024, chaka chimene nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'mbali mwa nyanja muno. Mlonda anati madzi saiwala khwawa. Ndinafunsa amalume chimene chinapha fakitale. Anthu amanena zosiyanasiyana, ena amati magetsi, ena amati eni ake. Iwo analoza mtsinje ndi ndodo.

"Ayezi amatsata nsomba, mphwanga. Kilo ya chambo, kilo ya ayezi. Chambo chikatha, ayezi upangire ndani?"

Anafotokoza mmene maboti ankafikira m'bandakucha atazama ndi katundu, amayi ndi abambo atandanda pa matebulo a simenti kusankha ndi kutsuka, ena akuphwanya ayezi. M'bokosi ankayala ayezi pansi, chambo pamwamba, ayezi, chambo, mpaka kudzaza. Malole ankanyamuka usiku kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba kuti kukamacha nsomba ikhale ili pamsika ku Limbe, maso ake akadali owala. Nsomba yaing'ono ankaibweza m'madzi chifukwa panalibe woigula.

Zimene zinatsatira tonse a kuno tikuzidziwa. Chambo sichiswana mwachisawawa ngati usipa. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Ukachigwira nthawi imeneyo wapha banja lonse, n'chifukwa chake nyanja imatsekedwa kuyambira Novembala. Koma makoka a maso aang'ono anachuluka, khoka la nkacha linakokolola udzu wa pansi pa Malombe m'mene tiana ta nsomba tinkabisala, pambuyo pake anthu anayamba kusoka maukonde a udzudzu kukhala makoka. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 1990 chambo cha mu Malombe chinali chitagwa, asodzi n'kutsala ndi tinsomba ta kambuzi. Makomiti a m'madoko, ma BVC aja, anayambira konkuno ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993 pofuna kupulumutsa zotsala. Amalume anawonjezera kuti ntchila inayamba kusowa iwo akadali mnyamata, ndipo akuluakulu ankachenjeza kuti chambo chidzatsatira, achinyamata n'kumaseka kuti nyanja siitha. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ayezi akufunikabe. Pitani padoko lililonse m'mawa mukaone amayi a geni akulimbirana timapepala ta madzi oumitsa m'mafiriji a m'nyumba, magetsi akathima usiku n'kugulitsa nsomba motchipa isanawole. Nyumba imene inkapanga mabuloko mazanamazana ili apa, mileme ikugonamo.

Pobwerera tinadutsa pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo ndinayang'ana zinthu zimene ndazijambula kosawerengeka kumbuyo kwa akwati. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901, tauni ino ikutchedwa Fort Johnston. Pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la Tanzania. Pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Chapafupi pali nyumba yosungira mbiri ya nyanja. Zonsezi n'zofunika ndipo zisungidwe, ana a sukulu azibwera kudzaona. Koma ndinaganizanso za sitima ya Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu wina, imene zitsulo zake zinapangidwa ku Glasgow n'kudzalumikizidwa kwa Mponda konkuno mu 1901. Boyila yake inakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana polambalala mathithi a Shire, ndipo mabuku akafika pa iwowo amangoti Angoni, n'kupitirira. Dzina la sitima timalidziwa, dzina la bishopu timalidziwa. Anthu ogwira ntchito ndi manja m'boma lino akhala akudutsa choncho kuyambira kale, ngati phazi pamchenga wa m'mbali mwa nyanja. Amalume ndi anzawo anadyetsa Blantyre chambo chatsopano zaka zambirimbiri, ndipo chimene chatsala cholembedwa za iwo ndi timizere tokanda pakhoma limene likugwa.

Ulendo wachitatu ndinapita mvula itatha. Udzu unali utafika m'chiuno ndipo denga la mbali ya kumtsinje linali litagweratu. Gudumu la kompuresa kunalibe. Panatsala mabawuti anayi otuluka m'simenti ndi zipsera zakuda za moto wodulira zitsulo. Mlonda anati anabwera usiku, anthu asanu ndi kalole, iye yekha ndi chibonga akanatani. N'chifukwa chake anandipempha kuti ndisatchule malo, akuti chithunzi chikayenda pafoni chimafika kaye kwa ogula zitsulo. Ndinachotsa pa Facebook ziwiri zimene zinkaonetsa geti ndi msewu.

Ndinakwiya tsiku limenelo, koma mkwiyo wanga sunapeze pokhazikika. Mnyamata wodula chitsulo usiku akufuna ndalama ya ufa. Zitini zina za ayezi ndaziona m'mudzi wapafupi zitasanduka mbaula, china mayi wina anadzalamo anyezi, china ndi chomwera nkhuku. Amalume nditawauza anangoti chitsulo chabwerera kuntchito. Ine sindinafike pamtima woterowo. Ndikanakonda gudumu lija likanaimikidwa pa boma pafupi ndi mfuti ija, pansi pake palembedwe kuti ili linkapanga ayezi, ndipo amene ankaliyendetsa ndi awa ndi awa. Mayinawo alipo, amalume amawatchula onse motsatira misomali, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Ndawalemba m'kope, ndipo ndayamba kufunafuna amene ali moyo. Ndapeza anayi. Mmodzi ali ku Namwera, wina ku Malindi, awiri konkuno. Aliyense ndikufuna ndimutengere kumeneko, aime pamene ankaima, andiuze pamene ndiyenera kuika kamera.

Thabwa la misomali lidakalipo. Ndinapempha amfumu ndi mlonda kuti denga la kachipindako likayamba kugwa andiimbire.

Mwezi watha ndinapititsa kwa Chimwala zithunzi zatsopano, cha msomali nditachiika m'felemu. Amalume anachipachika pamwamba pa chitseko cha kuchipinda kwawo. Cha iwo akukoka tcheni anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwendo wakumanzere anauponda molakwika, kapitawo akanawakalipira. Akazi awo anabwera ndi tiyi ndi zitumbuwa, anagwada n'kutenga zithunzizo kuziona chimodzichimodzi. Atafika kumapeto anabwereranso poyamba.

"Mwanangu, mwajambula mkati mokhamokha. Panja pa geti, kudzanja lamanja, pali mtengo wa bwemba. Ulipo?"

Ndinati ulipo, ndimaimika njinga pamenepo.

"Pamenepo ndinkagulitsa zitumbuwa ngati zimenezi, ine ndi amayi ena asanu ndi mmodzi, kuyambira 5 koloko m'mawa. Amalume anuwa ankagula pangongole mwezi wonse, kenako anatumiza ankhoswe." Amalume anayang'ana kumbali akumwetulira. "Fakitale itatsekedwa ifenso tinatsekedwa, kungoti ife tinalibe geti. Pa tsinde la bwembayo pali mwala wafulati umene ndinkakhazikapo beseni. Mukauone ngati sanautenge."

Tagwirizana kuti ndikawatenge Loweruka likubwerali m'mawa kwambiri, dzuwa lisanakwere. Akuti abwera ndi beseni lomwelo, analisunga.